Mankhwala Opaka M'kamwa

Pa benchi ya chipatala, pomwe odwala khansa amadikira kukawotchedwa ndi makina, mayi wina wachikulire anaona bambo wina akuponya kachubu ka mankhwala m'chikwama.

"Musawabise amenewo, bambo. Ndi opaka m'kamwa, eti? Yambani lero, zilonda zisanatuluke."

"M'kamwa mwanga muli bwinobwino, amayi. Ndipake popanda chilonda?"

"Amuna anga ananenanso choncho. Anamwino anawauza, ine ndinawauza m'mawa ndi madzulo. Iwo amvekere, 'Mkazi iwe, umaopa ndi mthunzi wako womwe.' Kachubu anakasiya pawindo."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Sabata yachitatu akuwotchedwa ndi makinawa, zilonda m'kamwa monse mpaka kukhosi. Madzi omwe ankawawawa ngati tsabola. Munthu wolongolola uja, woti wailesi imachita kumupatsa mpata, anangoti zii."

"Ndiye munapumako, amayi!"

"Kupuma? Mwananga, zaka makumi anayi ndakhala ndikuwauza kuti akhale chete. Atakhaladi chete, ndinkakhala pambali pa bedi, supuni ili m'manja, kuwaputa dala kuti andikalipireko. Iwo kumangondiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe."