Nsalu Imene Anandiletsa Kumuvula Edina

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse amene mukuwerenga, abale ndi alongo anga. Ine ndine mayi ake a Edina, kwathu ndi ku Ntcheu. Lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mwana wanga anapsa ndi msuzi wowira kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, anthu akuluakulu ali chiimire n'kumandiletsa kumuthandiza. Ndineneretu kuti nkhaniyi ndikamaikamba mtima umandiwawabe, choncho mukamva ukali m'mawu anga musadabwe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Amuna anga anali aphunzitsi, ndipo boma linatitumiza ku Kaporo, m'dera la Karonga, kumene ndinafika osadziwa ngakhale kupereka moni m'Chinkhonde. Anthu a kumeneko anatilandira bwino. Anandiphunzitsa kuwokera mpunga ndiponso kuphika mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Koma achinyamata a lero simudziwa mmene tinkakhalira. Kukamveka kuti kukubwera akuluakulu a chipani, mayi aliyense ankasiya zake, n'kuvala nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, n'kupita kukaphika ndi kukavina. Nsalu imeneyo sinali nsalu wamba. Sunkaikhalira pafumbi, sunkaberekera mwana, ndipo ikang'ambika unkaibisa pansi pa sutikesi. Tinkamva za anthu otengedwa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezo, ndipo palibe amene ankafunsa kumene apita nawo.

Tsiku limenelo tinkaphikira pabwalo la sukulu. Edina, mwana wanga woyamba, anali atangotha kumene msinkhu, ndipo anamuika m'gulu la ovina. Anamumanga nsalu ziwiri za chipani, ina pamwamba pa inzake, ndi chingwe cholimba m'chiuno kuti zisagwe povina. Mbalagha tinaphika m'mgolo wodula pakati, zogwirira zake za waya. Woyang'anira zonse anali amayi apampando a chipani m'dera lathulo. Dzina lawo sinditchula chifukwa ana awo alipo ndipo sanandilakwire. Amayiwo ataona fumbi la galimoto za alendo patali, anayamba kukalipa kuti chakudya chichoke pamoto msanga. Ife amayi manja anali otanganidwa, ndiye anangoloza Edina ndi mnzake kuti anyamule. Mgolo wofunika amuna awiri ndi mtengo wopisa m'zogwirira anaupereka kwa ana.

Edina anali atangotsuka mbale, ndipo anatenga chiguduli chonyowa chimene anali nacho m'manja n'kugwirira waya. Amayi anzanga, nsalu yonyowa sagwirira mphika. Kutentha kumadutsa m'madzimo n'kukupeza uli kale pakati pa ulendo. Edina anayenda pang'ono, dzanja linapsa, anataya waya uja, mgolo n'kupendekera kwa iye.

Kulira kwake sindingathe kukufotokozerani. Nditafika pamene anagwera, msuzi wamafuta unali utalowerera nsalu zonse ziwiri, nthunzi ikufuka, nsaluzo zitamukanirira m'ntchafu n'kumapitiriza kumuwotcha. Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi sizinkafuna sukulu. Ndinalimbana ndi mfundo ya chingwe, inakana chifukwa inali itanyowa. Ndinatola mpeni wosendera nthochi kuti ndidule. Pamenepo amayi apampando anandigwira mkono.

"Yayi mama, mpeni pa nkhope imeneyi? Alendo ndi awo afika. Mukufuna tonse tikagone kupolisi?"

Ndinawauza kuti mwana akupsa. Anati ndipirire pang'ono, alendo akakhala pansi tikamuvulira m'kalasi mwaulemu, nsalu osaiwononga. Mwaulemu! Mwana wanga akudzigudubuza pansi, munthu wobereka ngati ine n'kumandiuza za ulemu wa nsalu. Amayi anzanga anatizungulira, ena akulira, ena akutchinga kuti alendo asaone. Wina anati timupake mazira, wina anati mchere, wina anati ufa. NyaKayira, mnzanga woyandikana naye nyumba amene ankamukonda Edina ngati wake, anathamangira kukhola kukatapa ndowe, poti kwawo ankati imaziziritsa bala. Aliyense anali ndi mankhwala ake, koma wondithandiza kuchotsa nsalu panalibe. Amayi awiri anandigwira manja kuti mpeni usagwire ntchito.

Ndinapemphera, ngati kumeneko tingakutche kupemphera. Sindinagwade, sindinatsinzine. Ndinakuwa mumtima kuti Mulungu, mwanayu munandipatsa ndinu, ngati muli ndi maso yang'anani zimene akundichita anthu anuwa. Ndinali wokwiya ndi amayi apampando, ndi anzanga, ndi Mulungu yemwe.

Nditangotero, gulu la amayi linapatuka. Anatulukira a sajeni a polisi amene anabwera kudzalondera msonkhano. Kwawo kunali ku Mulanje, ndipo ife tinkawatcha a Samaseka chifukwa palibe amene anawaonapo mano. Akamadutsa pamsika anthu ankasiya nkhani. Anamuyang'ana Edina, anayang'ana mpeni m'dzanja langa, kenako anakuwa kuti aliyense amve. Anati nkhope ya mtsogoleri yathiridwa msuzi, umenewu ndi mlandu waukulu, mayi ndi mwana onse akuwatenga, ndipo nsaluyo ikaonekera kupolisi. Anandilanda mpeni, anamunyamula Edina m'manja, n'kundilamula kuti nditsate. Amayi onse anabalalika. Amayi apampando anavomereza mokweza kuti inde, lamulo ligwire ntchito.

Abale anga, ndinati ndapempha thandizo ndipo Mulungu wanditumizira wondimanga. Mantha onse anandithera. Ndinawatsata a sajeni ndikuwatukwana m'Chichewa cha kwathu, mawu amene mayi wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe. Ndinawauza kuti ndi mfiti, kuti alibe mwana, kuti adzafa okha popanda wowalira. Iwo ankangofulumira. Koma m'malo molowera kumene kunaima galimoto, anakhotera kuseri kwa makalasi, kumene kunali mjigo.

Anamukhazika Edina pasimenti ya mjigo. Ndi mpeni wanga womwe uja anadula chingwe, n'kung'amba nsalu zonse ziwiri kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamene nsalu inamatirira pakhungu sanakoke, anadula mozungulira n'kusiya kachidutswako. Kenako anandiyang'ana n'kulankhula motsitsa mawu.

"Popani madzi mayi, musasiye mpaka ndikuuzeni. Ndipo pitirizani kunditukwana mokweza, anthu akumvetsera."

Apa m'pamene ndinazindikira. Ndinapopa mjigo misozi ili mbwembwembwe, pakamwa ndikutukwana munthu amene ankapulumutsa mwana wanga. Madzi ozizira anayenderera pamiyendo ya Edina ndi padzanja lopsa lija kwa nthawi yaitali, yokwanira kuika mpunga pamoto mpaka kupsa. Ndikafuna kupuma ankandiuza kuti kutentha kukadali mkati mwa mnofu, ndipopebe. Anamuvula makoza padzanja lisanatupe. Edina atayamba kunjenjemera ndi kuzizira anamufunditsa jekete lawo m'mapewa, madzi akupitirira kumiyendo kokha. Kulira kuja kunayamba kutsika, kenako mwana wanga anandiitana kuti amayi. Uku kubwalo ng'oma zinali zitayamba, amayi akuimba ngati palibe chachitika.

NyaKayira anatipeza pomwepo ali ndi ndowe pa tsamba la nthochi. Mayi ameneyo ndimamulemekeza, chifukwa ndi yekhayo amene analimba mtima kutsatira anthu omangidwa. A sajeni anamuuza kuti ataye, ndowe imalowetsa matenda pabala, ndipo ngati akufuna kuthandiza akatenge nsalu yoyera yochapa ndi kusita. Anathamanga n'kubwera ndi nsalu yoyala pabedi imene ankasungira alendo. Matuza anali atatuluka akuluakulu, ndipo ine ndinafuna kuwaboola ndi munga. A sajeni anandiletsa, anati khungu la thuzalo ndilo likutchinga bala. Tinamukulunga mosamangitsa, ndipo anatikweza galimoto ya polisi anthu akuona, ngati akaidi. Galimotoyo inakaima pakhomo la chipatala cha ku boma. A sajeni anangouza anamwino kuti mwana wapsa ndi msuzi, n'kutembenuka kumapita.

Musaganize kuti mavuto anathera pamenepo. M'chipatala tinakhalamo mpaka mpunga umene tinasiya wobiriwira unakololedwa. Nthawi yotsuka mabala Edina ankandiluma chala kuti asakuwe. Thupi linatentha, anasiya kudya, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti khungu la kuseri kwa mawondo likachira mokokana, miyendo sidzawongokanso. Namwino wina wa ku Zomba anandionetsa ndi chala chake. Dzanja limene linapsa ndi waya n'kulandira madzi linkachira bwino. M'ntchafu ndi m'chiuno, mmene nsalu ziwiri zinasunga msuzi nthawi yonse imene ankandigwira manja, ndi mmene mabala anazama. Anati akanamuvula nthawi yomweyo n'kumuthira madzi, bwenzi tili kunyumba kale. Nditamva zimenezo ndinatuluka panja, chifukwa ukali umene ndinali nawo sunali woti odwala auone.

Pabedi loyandikana nafe panali kamwana kamene kanagwira chiwaya chamoto. Bala lake linali laling'ono poyerekeza ndi la Edina, koma kwawo anakapaka ndowe n'kuchedwa kubwera nako. Kanauma thupi ndi nsagwada, ndipo kanamwalira ife tikuona. NyaKayira anali atabwera ndi chakudya tsiku limenelo. Anakhala pansi pakhonde n'kulira, akubwerezabwereza kuti akanamupha Edina ndi manja ake.

Amuna anga ankabwera mozemba, chifukwa anali atachenjezedwa kuti banja lawo lili ndi mlandu ndipo asamale ntchito. Mwa onse amene tinkawaphikira tsiku lija palibe amene anaponda m'chipatala. Ine ndinkangogwira miyendo ya mwana wanga m'mawa ndi masana, kumuwongola monga anandiphunzitsira anamwino, iye akundichonderera kuti ndisiye. Ndinkawongola ndikupemphera kuti Ambuye, munayamba ndinu pamjigo paja, malizani. Ndiye tsiku lina m'mawa ndikuchokera kotunga madzi, ndinamupeza ataima, atagwira chitsulo cha bedi, mawondo onse awiri ali chiwongokere. Anandiyang'ana n'kuseka, anati amayi mukuchedwa, ine ndikufuna kupita panja. Ndinakhala pansi pomwepo, ndowa ili pamutu, madzi n'kunditayikira. Mulungu wathu ndi wamoyo.

Titabwerera ku Kaporo, amayi apampando anandipatsa moni pamsika ngati palibe chinachitika, n'kundifunsa ngati Edina adzavinenso. Ndinawatembenukira msana n'kumapita. Abusa andiphunzitsa zaka zambiri za kukhululuka, ndipo ndayesetsa, koma ndikakumbukira dzanja lija litandigwira mkono magazi amandiwirabe. Mundipempherere pa chimenechi, ndisakunamizeni kuti ndinamaliza.

Tsono ndimvereni, inu amene mumaphika. Mwana musamunyamulitse mphika umene inuyo mukuuopa. Pafupi ndi moto pazikhala chogwirira chouma ndi chochindikala, ndipo chogwirira cha poto chiziloza kumene sikudutsa anthu. Mbaula sayika pakhomo pamene ana amathamangira. Wina akapsa, chovala chonyowa ndi zowira chichoke nthawi yomweyo, kaya ndi chodula bwanji, kaya ndi cha ndani, kupatula pamene chamatirira pakhungu. Thirani madzi oyera ozizira kwa nthawi yaitali, phimbani ndi nsalu yoyera, thamangirani kuchipatala. Mazira ndi ufa n'zakudya, ndowe ndi ya kumunda, pabala zisafike. Ndikamva kuti mpaka lero anthu akupakabe zimenezi ndimafuna kuyenda khomo ndi khomo kukakalipa.

A Samaseka sindinawaonenso. Zinamveka kuti mlandu wathu sunafike kulikonse, ndipo ife tikadali m'chipatala iwo anachotsedwa ku Karonga. Ena ankati anawasamutsa, ena ankangogwedeza mutu n'kusintha nkhani. Ndafunsa kwa anthu a ku Mulanje amene ndakumana nawo, palibe wandiuza zoona. Edina lero ndi mayi wa ana ake. Zipsera zilipo, koma amalima, amapita kutchalitchi wapansi, ndipo kwake aliyense amadziwa kumene kuli madzi asanakoleze moto.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu la mayi wokwiya. Inu amene muli pa vuto lanu lero, anthu akukugwirani manja ndipo kumwamba kukuoneka ngati kuli zii, musaleke kuitana, ngakhale mawu atuluke okalipa. Ine anandiyankha ndisanamalize n'komwe kupemphera, kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa kuposa onse. Bambo amenewo mawu onse amene anamva kuchokera kwa ine anali otukwana. Ngati muli moyo a sajeni, kapena ngati mwana wanu akuwerenga izi, dziwani kuti mtsikana munamunyamula uja akuyenda. Zikomo bambo.