Mbalame ya Atelala Ndi Yobwera

Atelala a pakona, aja anakana kusoka suti ya mkwati chifukwa choti anabadwira m'tauni ina, ankakonda zinthu ziwiri zokha: mwana wawo wamkazi ndi Sopulano, kambalame koimba ka m'khola lolendewera pakhomo la shopu. Masana ena kunafika chibwenzi cha mwanayo, mnyamata wofufuza za mbalame ku yunivesite, wosadziwa kuti zoona zina munthu amangomeza.

"Unabadwira kuno?" anafunsa atelala, mapini ali kukamwa.

"Ayi, bambo. Ndinabwera zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo."

"Ndiye basi. Mwana wanga sakwatiwa ndi wobwera. M'nyumba mwanga ngakhale mbalame ndi mbadwa. Tamvera mawuwo! Dzira lake linaswedwa padenga ilo."

"Dzira inde, bambo. Koma makolo ake ndi a ku Australia."

Mapini anagwa. "A kuti?"

"Australia. Mbalame zoimba zonse zinayambira kumeneko, kenako n'kufalikira m'maiko ena."

"Unalipo?"

"Ayi, papita zaka mamiliyoni ambiri. Akatswiri anaziyeza DNA."

"DNA? Ya kukhoti ija, yofufuzira bambo wa mwana? Iwe, ukuti Sopulano wanga ndi wapathengo?"

"Ayi ndithu, abale ali nawo ambirimbiri. Uyo apo ndi msuweni wake." Analoza khwangwala amene ankang'amba jumbo m'bini ya kutsidya kwa msewu.

"Wakudzala uja? Wakuba uja?"

"Banja limodzi lalikulu, bambo. Khosi lawo linapangidwa mofanana."

"Ha! Khosi? Uja amaimba ngati makina opanda oyilo!"

"Kuimba bwino si lamulo. Chibale ndi chibale."

"Mnyamata iwe, wabwera kudzapempha mkazi kapena kudzanditukwana?"

"Kudzapempha mkazi, bambo."

"Ndiye nena kuti mbalameyi ndi yakuno."

Mnyamata anayang'ana khola, n'kuyang'ana chitseko chakumbuyo, kumene nsapato za wokondedwa wake zinkaonekera pansi pa katani. Munthu wanzeru aliyense akananama. Koma osati iye.

"Ndi yakuno, bambo. Koma makolo ake..."

"Usamalize!"

"...ndi a ku Australia."

Kuseri kwa katani kunamveka kubuula. Atelala anadzuka, tepi ikulendewera m'khosi.

"Chabwino! Uone kuti ine sindilankhula pawiri. Wobwera sagona muno, kaya ali ndi nthenga." Anatsegula khola ndi manja awiri, akuseka, podziwa kuti Sopulano sangawasiye. "Tuluka! Pita kwanu!"

Sopulano anapendeka mutu, n'kuuluka kuti pululu! Anakatera pawaya wa magetsi, pafupi ndi khwangwala uja.

"Mayo ine! Sopulano! Ndimangocheza!"

"Wapita kwa msuweni wake, bambo."

"Amudya! Chita kanthu, si ntchito yako imeneyi?"

"Ndimadziwa kuziitana ndi likhweru. Ukonde ndili nawo kuofesi."

"Thamanga! Ukam'bweza wamoyo, ukwati ulipo. Suti ndikusokera ndekha!"

Mnyamata anafika pakhomo, n'kuima. Nkhope yake inali ya munthu wofunadi kumvetsa.

"Koma bambo, mwanena kuti wobwera sagona muno. Ndim'bweze kuti azikagona kuti?"

Atelala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kupukusa mutu monyansidwa.

"Taonani tsankho! Ndiye mtima umenewu ndi umene ukufuna kulowa nawo m'banja langa?"