Nsalu Zoyera za Mayi Simbi

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1964, achiwiri mwa ana atatu. Ine ndikuyankhulane ndine mlongo wawo wamkulu. Sukulu analekezera Fomu 2, bambo athu atamwalira.

Mu 1985 anakwatiwa ndi alamu anga akhala apawa, amakaniko. Chaka chotsatira analowa ntchito yochapa ndi kusita pa hotela, m'chipinda chapansi chopanda zenera, ndipo anzawo anawatcha Mayi Simbi. Panalibe banga lowakanika. Ife achibale tikafika ndi malaya okwinyika, ankativula tisanalandire moni.

Mu 2019 kuntchitoko kunabwera madokotala ofufuza, akutenga magazi a amayi kuti aone amene ali pachiopsezo cha khansa ya m'chiberekero. Malemu anapereka, anakokeranso komweko mng'ono wawo, chitsirizira cha m'nyumba mwathu. Onse awiri anauzidwa chimodzimodzi: matenda sanapezeke, koma zizindikiro za m'magazi zikuonetsa kuti akhoza kubwera. Akadzaona magazi atasiya kale kusamba, asadzagonetse, adzathamangire kuchipatala. Malemu anangoseka, amvekere magazi awo ndi amiseche ngati eni ake.

Mu 2022 magaziwo anabwera. Pepani kutchula zotere pagulu, koma manyazi omwewa ndiwo atisonkhanitsa pano. Malemu sanauze munthu. Ankachapa zofunda ndi madzi ozizira, kuyanika, kusita. Chaka chathunthu alamu anga akugona pa nsalu zoyera mbee, osadziwa kanthu. Mu Okutobala 2023 malemu anagwa pantchito, simbi ili m'manja. Madokotala atawayeza anati tachedwa. Atisiya Lachiwiri lapitali. Ndili ndi chisoni, koma sindibisa, ndawakwiyiranso.

Asiya amuna awo, ana aakazi awiri, zidzukulu zinayi, ine, ndi mng'ono wawo uja. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi, anzawo akuntchito, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza.

Pali mawu amene malemu anandituma ali m'chipatala, oti ndidzawanene pano pomwe, poti woti auzidweyo kumbali samamva. Mlongo wanga wotsala iwe, akulu ako anaona zimene wayamba kuyanika kuseri kwa nyumba. Wochapa sanamizidwa ndi nsalu. Mawa ndikupeza pakhomo, tipite limodzi kuchipatala. Ine sindidzaimanso pano kuwerenga mbiri yako.

Mayi Simbi, uthenga wanu ndafikitsa. Usani mumtendere.