Mwini Munda Amene Ndinkamutukwana

Abale ndi alongo, ine ndinali chidakwa. Ena amamwa kuti aseke. Ine ndinkamwa kuti ndipeze womutukwana. Ambiri muno mumandidziwa, ndine Lusiyano wa gitala uja ankagona pakhonde la bala ku Nsaru. Nyimbo yomwe kwaya yangoimbayi ndinapeka ndine, ndipo lero ndikuuzani kumene inachokera, chifukwa sinabadwire m'tchalitchi ayi.

Makolo anga anachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina kufupi ndi Kabudula. Bambo anamwalira msanga. Mayi ndiwo ankathyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni. Ine ndi mlongo wanga Esinati tinakulira m'fungo limenelo.

Chaka china, nthawi yopana mabelo, mayi anagwa m'chigafa akusanza, mpweya ukuwabanika. Ndinathamangira kwa mwini munda kukapempha galimoto. Lole inali pomwepo, injini ikulira. Anandiuza kuti loleyo ikupita ku okushoni, ndipo fodya sadikira munthu. Tinawakweza pa ngolo. Ng'ombe sizidziwa changu. Mayi anatsirizikira panjira, denga la chipatala tikuliona.

Mwini munda ameneyo Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi, jekete yakuda, buku la nyimbo m'manja. Ine ndinati ngati Mulungu amacheza ndi anthu otere, andisiye ndikhale.

Ndinathawira m'tauni. Kumeneko ndinagwirizana ndi anzanga oimba magitala a magetsi, nyimbo zija zimayamba pang'onopang'ono ngati munthu akudziyankhulira yekha, kenaka n'kuphulika. Anthu ankati n'zosavinika. Ine zinandikwana, chifukwa sindinkafuna kuvinitsa munthu. Ndinapeka yanga, tinakaijambula m'kachipinda kena ku Njewa. Mawu ake mukuwadziwa:

Mwini munda, tsikani mudzaone,
antchito anu atopa.
Munali kuti tsiku lija?

Dzina sindinatchule. Ndinkafuna aimve pa foni ya wantchito wake, adzidziwe yekha, chakudya chimuime pakhosi. Pamene gitala imakuwa paja, ine ndinkaona nkhope yake. Silinali pemphero limenelo. Linali temberero.

Nyimbo inayenda m'mafoni ndi m'maminibasi, mwini wakene ndikuyenda m'mabala. Ndinabwerera ku Nsaru wopanda kanthu, gitala yatsala ndi nsambo zinayi. Esinati ankandichonderera kuti tikaone manda a mayi. Ndinkamukalipira. Zaka zonsezo sindinapondeko, chifukwa ndinkati ndikakaima pamenepo mkwiyo wanga ufewa, ndipo munthu uja apulumuka.

Kenaka tinamva kuti mwini munda uja wamwalira. Ndinapita ku maliro, koma osati kukalira. Ndinkafuna kuona ndi maso angawa akumutsitsa. Kachasu ndinali nditamwa kale m'mawa.

Bokosi likutuluka m'nyumba, amayi a kwaya anayambitsa nyimbo. Inali yanga! Gitala achotsa, kukuwa achotsa, aiyala bwinobwino, eti akuimbira Mulungu. Temberero langa lasanduka nyimbo yoperekezera munthu yemwe uja, mwaulemu, nkhata za maluwa zili mbuu pabokosi.

Abale, ndinapsa mtima kuposa tsiku la ngolo. Ndinachoka kumene kunakhala azibambo, n'kudutsa pakati pa azimayi ndikuponda zitenje zawo, mpaka ndinakaima pamaso pa woyambitsa nyimbo, mayi Nabanda. Amenewa ndi amene anasambitsa thupi la mayi anga, ife obwera tilibe wachibale. Zimenezo sindinazikumbukire n'komwe. Ndinawalozera chala. Ndinawauza kuti asiye, nyimbo ndi yanga, sakudziwa chimene akuimba, mwini munda wake ndi yemwe wagona m'bokosiyu.

Ndinkayesa adzidzimuka. Sanatero. Anagwira chala changa chija n'kuchitsitsa, n'kuyankhula motsitsa.

"Tikudziwa, Lusiyano. Tinalipo tsiku lija. Koma taona bokosilo, munda uli kuti? Awa nawonso anali atenanti. Funso lakoli ife talipititsa kwa mwini munda weniweni."

Adzukulu anandikokera kunja kwa bwalo, nyimbo n'kupitirira. Ndinakhala pansi pamsewu. Munthu amene ndinamusungira mkwiyo zaka zonsezi ankapita kumanda manja ali lende, wopanda belo ngakhale limodzi, ndipo funso langa sanaliyankhe. Sakanatha kuliyankha. Ine ndinkalimbana ndi kapitawo, chonsecho mlandu wanga unali ndi Mwini.

M'mawa mwake ndinapita kwa Esinati. Atangomva kuti ndikufuna kumanda kwa mayi, anamanga chitenje. Tinapempha eni manda, tinalowa. Mtumbira wa mayi unali utatitimira, ndipo akanapanda Esinati sindikanaudziwa.

Pamenepo ndinamukalipira Mulungu, mokweza. Ndinamufunsa kuti anali kuti lole ikulira, anali kuti ng'ombe zikukwawa. Aka kanali koyamba kumufunsa pamaso. Ndisakunamizeni, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Koma sanandikanthe, ndipo sanandithamangitse. Ndinalira maliro amene ndinawakana zaka zonse zija, mlongo wanga atandigwira paphewa. Ndinatuluka m'mandamo ndikudziwa kuti wina wandimva. Ndinapereka moyo wanga kwa Yesu sabata yomweyo.

Mowa sindinasiye tsiku limodzi. Ndinagwa kawiri, mayi Nabanda n'kudzanditola kawiri. Kukhululuka ndikuphunzirabe, ndipo masiku ena kumandikanika.

Musaganize kuti mkwiyo wonse unatha. Ndikuona ena muno muli ndi atenanti, ndipo mwakhala kutsogolo. Nyimboyi mumaikonda, eti? Mumaiimba maso mutatseka. Tsegulani! Wantchito wanu akagwa m'chigafa, tsitsani belo mukweze munthu. Inunso munda munachita kubwerekedwa, ndipo tsiku lotuluka pa esiteti likubwera.

Koma ndiyamike Ambuye, amene anatenga chipongwe cha chidakwa n'kuchilandira ngati pemphero. Dzina lake lilemekezeke.

Ngati alipo muno amene wasunga funso lowawa, wina anakuchitani chipongwe ndipo mukuti Mulungu anangoonerera, musalitengere ku bala monga ndinachitira ine. Bwerani nalo kuno kutsogolo, ndi mkwiyo wake womwewo, mudzamufunse nokha. Mwini munda uyu sanena kuti fodya sadikira. Mukamuitana, amatsika.