Sopo Afuna Chipsera

Pa galaja ankamutchula Sopo, chifukwa ntchito yake inali yosunga masipanala m'kachipinda ka zida, ndipo manja ake sankaidziwa girisi. Nthawi ya nkhomaliro amakaniki ankakhala pa matayala akale kuseri n'kumaonetsana zipsera, uyu cha botolo, uyu cha dzino la munthu, ndipo lamulo lawo linali lodziwika: wopanda chipsera alibe tayala. Sopo ankadyera yekha pa zenera akumva anzake akufa ndi phwete, ndipo zinkamuwawa kwambiri.

Ndiye Loweruka lina masana anakagogoda kwa alamu ake, amuna a achemwali ake. Iwowa ankayang'anira chitetezo cha antchito pa fakitale, munthu woti ngakhale pokhoma msomali amayamba wavala magalasi.

"Alamu, mundimenye."

"Pati?" anafunsa alamuwo, osadabwa n'komwe.

"Pa diso. Litupe ndithu, Lolemba akalione."

"Lakumanja kapena lakumanzere?"

"Lililonse."

"Ntchito ya lililonse ndi imene imavulaza anthu. Sankha."

Sopo anasankha lakumanzere. Alamuwo anavomera ndi mutu n'kuyamba kukonza malo. Anatulutsa tebulo, anakokera mipando kukhoma, anayala matiresi pakati pa chipinda, ndipo ngodya ya kabati anaikulunga ndi thaulo. Kenako anabwera ndi chisoti cholimba cha ku fakitale, pamodzi ndi magalasi otchinga maso.

"Vala."

"Aa, nanga diso litupa bwanji nditavala zimenezi?"

"Silitupa. N'chifukwa chake anazipanga."

"Koma inetu ndikufuna litupe."

"Iwe wati ndikumenye. Kuvulaza ndi nkhani ina. Imeneyo ndi imene anandilembera ntchito kuti ndiziletsa."

Sopo anaponya chisoticho pa matiresi n'kufotokozanso zonse kuyambira pachiyambi: za matayala, za zipsera, za mmene wamkulu wa amakaniki ananenera kuti mwamuna amene sanalaweko chibakera sungamudalire. Alamuwo anamvetsera mwaulemu, anafunsa ngati matayalawo amawaika kutali ndi moto, kenako anavomera kuti ayesa. Anakunga chibakera, anachiyang'ana ngati chobwereka, n'kuchitsitsanso.

"Sizitheka. Sindinakwiye."

"Ndiye kwiyani."

"Ndikwiyire chiyani? Ndadya bwino, mutu sukupweteka. Undikwiyitse ndiwe."

Apa ndiye panali ntchito. Sopo analeredwa bwino, ndipo kutukwana wamkulu kunali kwachilendo m'kamwa mwake.

"Alamu, mimba yanuyo yakula."

Alamuwo anaiyang'ana. "Zoona. Adokotala ananenanso zomwezo."

"Nsapato zanu zili ngati za agogo."

"N'za agogodi. Chikopa chake sichitha."

"Achemwali akanapeza mwamuna woposa inu."

"Amandikumbutsa okha Lamlungu lililonse."

"Ndinu amantha."

"Kwambiri. Taona, zala zonse zilipo."

Sopo anawakankha pachifuwa. Alamuwo anabwerera pang'ono, n'kumuchenjeza kuti aime pakati, chifukwa m'mphepete mwa matiresi munthu akhoza kubinya bondo. Anawakankhanso. Iwo anamuyamikira kuti ulendo uno waponda bwino. Mnyamatayo thukuta linali kamukamu, diso lili bwinobwino, ndipo Lolemba linkayandikira. Anadziona atakhalanso pa zenera lija, mbale ili pamiyendo, ndipo anapsa mtima.

"Inu simungamvetse, alamu. Inu mulibe mnzanu ndi mmodzi yemwe. Kufakitale anthu akakuonani amasiya kuseka n'kuvala zisoti. Foni yanu imalira pokhapokha achemwali akafuna kudziwa ngati mwatseka chitseko. Mutadwala lero angabwere ndani kudzakuzondani? Ine ndekha, nanenso atachita kundituma."



Alamuwo anatsegula pakamwa kuti anene "zoona" wawo uja, koma sanatuluke. Anakhala pansi pa matiresi mwapang'onopang'ono. Anakoka bokosi la mankhwala limene analiika pafupi podikira diso la Sopo, analitsegula, anatembenuza mabandeji, anagwira kabotolo n'kukabwezera, kenako anatseka.

"Chimenechi chalowa," anatero. "Ndipo m'bokosimu mulibe mankhwala ake."

Sopo anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha. Anali atabwera kudzamenyedwa, koma womenya anakhala iyeyo. Anakhala pambali pawo n'kuyamba kupepesa, koma alamuwo anamuletsa ndi dzanja, amvekere munthu sapepesa akanena zoona. Kenako anamuuza, maso ali pa nsapato za agogo zija, kuti nawonso nkhomaliro amadyera okha, pa masitepe a kuseri kwa fakitale, pafupi ndi chozimitsira moto. Sopo anafunsa chifukwa chake pamenepo. Anati n'chifukwa choti pamenepo mpamene pali chitetezo chokwanira, koma atangonena anaseka okha, kuseka kowawa, ndipo Sopo anasekanso.

Anacheza mpaka dzuwa linachoka pa matiresi n'kukwera khoma. Sopo anatsanzira mmene wamkulu wa amakaniki amasinthira nkhani ya chipsera chake, lero anali achifwamba atatu, mawa asanu. Alamuwo anafunsa kuti chipseracho n'chooneka bwanji, ndipo atamva ananena motsimikiza kuti chimenecho n'cha lata, osati mpeni. Sopo anaseka mpaka misozi. Za diso anali ataiwala.

"Ndiye ndewu imakhala chonchi?" anafunsa alamuwo.

"Kaya, alamu. Nanenso n'koyamba."

"Yatha?"

"Ndikuganiza choncho."

"Ayi, singathe chonchi." Anadzuka n'kukonza malaya. "Iwe wamenya, ine sindinabwezere. Ubwerenso Loweruka. Matiresiwa sindichotsa."

"Mukufuna ndewu, inu?"

"Ndikuifuna. Ndipo usachedwe."

Sopo anatola chisoti chija, anachipukuta ndi dzanja la malaya, anawaveka alamu akewo pamutu n'kuwamangira lamba wake bwinobwino pansi pa chibwano.

"Ndibwera," anatero. "Koma chisotichi muzivala ndinu."