Waifai Yaulere pa Liwonde

Chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo, mayi Nafisa a ku Ntaja anatsika pa Liwonde kuti adikire minibasi ya ku Balaka, kumene anamva kuti madeya akupezekako. Pakhomo la lesitilanti ina anaona chikwangwani chakuti WAIFAI YAULERE, ndipo analunjika kwa Hilary wa pakauntala, bambo amene ankayankha funso monga momwe lafunsidwira basi.

"Mwaswera bwanji, achimwene? Mzere ukuyambira pati?"

"Mzere wa chiyani, amayi?"

"Wa zaulerezo."

"Waifai ilibe mzere. Mumangokhala pansi n'kulandira."

Mayi Nafisa anayang'ana anthu amene anali m'mipando. Onse anali atawerama pa mafoni awo, popanda mbale patsogolo. Sanadabwe, poti anali atamva kuti masiku ano thandizo limabwera pafoni.

"Onsewa akulandira?"

"Onsewo."

"Ngakhale abwana a mimbawo?"

"Iwowo ndiye amatenga yambiri. Sajomba."

"Ndinadziwa. Kwathunso ndi momwemo." Anatulutsa thumba kukhwapa n'kuliyala pakauntala. "Banja limodzi mukupereka yochuluka bwanji? Ndili ndi adzukulu pakhomo."

"Ilibe muyezo."

"Ndiye thirani."

"Siithiridwa, amayi. Ili mumphepo."

"Mumphepo," anabwereza mayi Nafisa akugwedeza mutu. "A komiti ya kwathu nawonso anati chimanga chili m'njira. Tinakachipeza pamsika, chikugulitsidwa m'ndowa."

"Iyi singafike pamsika. Mukangodutsa mtengo wa mango uwo, yatha."

"Yatha? Mwangonena kuti ilibe muyezo."

"Muyezo ilibe. Malire ndiye ili nawo."

"Mumaisunga kuti?"

Hilary analoza kabokosi kamene kankaphethira pamwamba pa filiji.

"Aka? Kudyetsa khamu lonseli?"

"Sikadyetsa. Kamalumikiza."

"Musandinamize, ndine munthu wamkulu. Yambiri mwabisa kuseri."

"Kuseri kuli makala ndi mphaka."

Mayi Nafisa anamanganso chitenje, n'kutsamira pakauntala ndi zigongono zonse. Panja kondakitala ankaitanira anthu a ku Balaka, koma iwo sanatembenuke n'komwe.

"Tamverani, achimwene. Mwana wanga Sufiyani ali ku Joni. Ulendo womaliza anandiimbira ali kubwalo la ndege, akuti kumeneko waifai ili mbwee, aliyense amangotenga, ndipo iye akukhalira yomweyo. Mwana wanga sanama."

"Sananame."

"Nanga munthu angakhalire chinthu chosadyeka?"

"Alipo ambiri. Awo ali pakonawo, chibwerere m'mawa sanagule ngakhale tiyi."

"Mwaona? Ndiye kuti imakhutitsa."

"Iyayi, amayi, sindinatero."

"Mwanena nokha kuti sanadye, ndipo akuseka. Ine adzukulu anga akagona ndi mango owiritsa saseka."

Hilary anakanda m'mutu. "Chabwino. Kuti mulandire pamafunika pasiwedi."

"N'chiyani chimenecho?"

"Mawu achinsinsi."

"Eya, tafika tsopano. Chinsinsi. Amachidziwa ndi achibale anu."

"Aliyense wofunsa timamuuza."

"Chinsinsi chanji chouza aliyense?"

"Ine ndinachipeza choncho polembedwa ntchito."

"Ndiuzenitu."

"Ndikakuuzani inuyo sizithandiza. Timauza foni."

"Ine wanjala ndili pano, inu mukufuna kucheza ndi foni?"

"Ndiyo imalandira."

Mayi Nafisa anausa moyo. Anamasula mfundo ya kumapeto kwa chitenje n'kutulutsa foni imene Sufiyani anawasiyira popita. Anaipereka, koma maso sanawachotse pa zala za Hilary.

"Ikuchedwa," anatero Hilary. "Lero anthu achuluka."

"Athamangitseni a mimbawo."

"Sindingathe. Ndi eni ake lesitilanti ino."

"Amadzigawira okha?"

"Amayamba ndi iwo." Anawabwezera foni. "Basi, mwalandira."

Mayi Nafisa anainyamula m'dzanja, akuiyesa kulemera. Anaitembenuza, n'kuyang'ana kumbuyo kwake.

"Sinalemere."

"Siilemera."

"Mwandipatsa yochepa chifukwa ndine wakumudzi."

Asanamalize, foni inayamba kulira motsatizana ngati anapiye. Hilary anasuzumira.

"Ndi mauthenga a mawu. Ochokera kwa Sufiyani."

Nkhope ya mayi Nafisa inamasuka. Anatsegulanso thumba lija, n'kuyang'ana Hilary ndi diso la wopambana mlandu.

"Si ndinakuuzani? Watumiza. Yatsani amve onse, ndi a mimba omwe."

Hilary anadina, ndipo mawu a Sufiyani anamveka lesitilanti yonse.

"Asalamu aleikumu, amayi. Kuno ntchito inatha. Ndimangoswera kubwalo la ndege chifukwa cha waifaiyi. Gulitsani mbuzi munditumizire ya basi, ndibwere tidzadyere limodzi chimanga mwakololacho."

Anthu onse anadzutsa mitu. Mayi Nafisa anatseka thumba lija. Mbuzi inali imodzi yokha, ndipo ankaisungira mwezi wa Febuluwale, njala ikafika posauzana.

"Alipo enanso ambiri," anatero Hilary. "Ndiyatse?"

"Ichotseni."

"Mauthengawo?"

"Waifaiyo. Ichotseni yonse, muibwezere m'kabokosi mwanumo."

"Koma ndi yaulere, amayi."

Mayi Nafisa anapinda thumba lawo, namangiriranso foni pamfundo yolimba.

"Achimwene, chaka chino zaulere ndalonjezedwa zambiri, ndipo palibe chinafika. Yafika ndi iyi yokha, ndipo yabwera kudzapempha."