Wilibala ya Amalume ndi Msonkho wa Mchenga

Moni owulutsa mawu ndi omvera nonse. Ndine mnyamata wa ku Unit L kuno ku Chitungwiza, kumene anthu amalankhula Chishona, koma sukulu ndinaphunzira kumudzi kwathu. Ndimakhala ndi amalume anga, amene amatuta mchenga kumtsinje pa wilibala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba.

Miyezi yapitayi akuluakulu a dera lathu anaika msonkho kwa aliyense wokumba mchenga, kuti azikwirira maenje amene ana amagweramo. Maganizo anali abwino ndithu, koma wa lole ndi wa wilibala anayenera kulipira mofanana. Amalume anaona kuti ntchito yawathera.

Tsiku la msonkhano wokambirana za msonkhowo anandiuza kuti, "Mphwanga, iwe unapita kusukulu, ukatilankhulire." Ndinavomera monyinyirika, pakuti ndine wamanyazi ndipo Chishona changa n'chotsimphina. Ndinapita ndikukankha wilibala ya amalume, ndipo malo oimikapo ndinawapeza pambali pa lole yaikulu.

Nthawi yanga itakwana ndinagwada monga timachitira kumudzi, mawu onse n'kuthawa. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa m'Chishona kuti, "Taura, mwanangu!" kutanthauza kuti, "Lankhula, mwana wanga!" Ine ndinangoloza wilibala, kenako lole, n'kufunsa kuti, "Pepani akuluakulu, kodi awiriwa amadya mtsinje mofanana?"

Anthu anaseka, mpaka woyendetsa lole ija anapukuta misozi. Apampando anati, "Dzuka mwanawe, tamva."

Tsopano aliyense amalipira molingana ndi mchenga umene watenga. Maenje ayamba kukwiriridwa, ndipo amalume akugwirabe ntchito yawo akuimba mluzu. Anzanga amanyazi, kumsonkhano muzipita ndithu. Koma mundipempherere, chifukwa amalume akuti pa ukwati wa mwana wawo wolankhula ndidzakhale ine.